Miyendo Sikisi

Sindikukumbuka kuti ndinali ndi zaka zingati tsiku limene ndinalowa m'sitolo ya a Ligomeka. Ndimangokumbuka kuti ndevu zinali zisanamere bwino, sukulu inali itandithera m'manja, ndipo kwathu anali atatopa nane chifukwa anzanga akamapalira ine ndinkagona chafufumimba pamzere kuyang'ana tizilombo. Sitoloyo inali m'tauni ina ya fumbi, pakati pa wokonza njinga ndi wometa tsitsi. Munalibe sopo, munalibe mchere. Munali agulugufe ndi zikumbu zokhazokha m'mabokosi a galasi, mapiko atatambasulidwa, kalikonse ndi kapepala kake pansi.

A Ligomeka anali munthu wamfupi wa magalasi okhuthala. Anandiuza kuti kutsidya la nyanja kuli anthu ogula tizilombo, ena kuti aphunzire, ena kuti apachike pakhoma, ndipo iwo ndi amene ankawatumizira. Ndinamasula kampango, n'kuwaonetsa gulugufe amene ndinagwira panjira.

Anamuyang'ana kanthawi. "Uyu wamugwira ndi chiyani, khasu?"

Phiko limodzi linali litang'ambika, ndipo fumbi lake lokongola linali pa zala zanga.

"Tamvera, mnyamata iwe," anatero. "Undibweretsere bokosi limodzi la tizilombo fote, tamitundumitundu, kalikonse kathunthu. Miyendo sikisi, tinyanga tiwiri, mapiko osang'ambika. Ukadzabwera nalo, ine ndidzakulemba ntchito."

Ntchito! Ine amene kwathu ankanditumiza kukathamangitsa mbuzi chifukwa panalibe china chondikhulupirira nacho. Ndinadula masikito akale, n'kuwasokerera pawaya ndi nsungwi kuti ndipange ukonde, ndipo ndinanyamuka. Ndinkati ndibwerera mvula isanagwe.

Mudzi woyamba unali wa pamphambano. Ndinafikako dzuwa litapendeka, nditayenda masabata angapo m'madambo. M'dengu mwanga munali ziwala zikuluzikulu, nkhululu, nyenje, abwanoni ndi agulugufe, kalikonse ndinakakulunga m'pepala lakelake mosamala kuposa mmene ndinasamalirapo chinthu china chilichonse. Ndisanalonjere n'komwe, mayi wina dzina lake aNachanza anathamanga kuchokera pamtondo kudzandichingamira.

"Tikulandireni, alendo! Mwana wa eni, kulema chonsechi?"

Munthu angakane bwanji? Dengu linachoka pamutu panga n'kupita pamutu pawo. Anandipatsa mkeka, anandipatsa madzi akumwa, kenako anati madzi osamba ali kubafa. Ndinasamba mosafulumira, ndikuimba. Potuluka, mphuno yanga inamva fungo limene mimba inalikondwerera mutu usanaganize. Ndinathamangira kuseri kwa nyumba sopo ali m'makutu.

ANachanza anali atakhala pansi miyendo tambalale, mapepala anga ali mbwee pabwalo. Mapiko ndi miyendo anali atasadzula kale, ndipo phale linali pamoto.

"Mwatikumbukira bwanji, alendo! Ndiwo zinatisowa kuno," anatero akutakasa. "Koma kakulungidwe kanu, iii! Chiwala chilichonse pepala lake, ngati switi. Zala zandiwawa ndi kumasula. Agulugufe aja ndapatsa nkhuku, kuno sitidya."

Abale inu, ndinafuna kukuwa. Ndinafuna kugubuduzika pansi ngati mwana wolandidwa bere. Koma amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Mayiyo sanabe kanthu. Mlendo akabwera ndi chodyedwa m'dengu, wabweretsera eni nyumba, ndipo n'chipongwe kumusiya akonze yekha. Ndinathokoza. Ndinakhala pamkeka n'kudya masabata anga onse ndi mchere ndi tsabola pang'ono. Zinali zokoma, ndipo chimenecho n'chimene chinandipweteka koposa.

Mvula inagwa, inakata. Ndinapezeka m'tauni ina yaing'ono ya msewu umodzi, ndikugona kuseri kwa sitolo imene pakhonde pake pankasokera telala, a Wisikesi. Anali munthu wosalankhulalankhula, chifukwa nthawi zambiri m'kamwa mwawo munali mapini. Tsiku lina anandiona ndikulimbana ndi phiko la gulugufe pabondo, ndipo analavulira mapiniwo m'dzanja.

"Achimwene, mukumenyana naye kapena mukumuyala?"

"Ndikumuyala."

"Ayi, mukumenyana naye. Nsalu yopyapyala sakoka. Bwerani naye kuno."

Anatenga kathabwa kofewa, n'kusema kamzere pakati kuti thupi ligonemo. Phiko analikankha pang'onopang'ono ndi nsonga ya singano, n'kulipanikiza ndi kachidutswa ka pepala, pini uku, pini uku, osalikhudza ndi chala ngakhale kamodzi. Gulugufe uja anagona bwino ngati aja a m'sitolo ya a Ligomeka. Ndinakhala ndi a Wisikesi nthawi yaitali. M'mawa ndinkawasokerera mabatani, masana ndinkapita kumtsinje ndi ukonde. Kalipentala wina anandikhomera bokosi lokhala ndi chivundikiro, ndipo ndinasiya kukulunga tizilombo ngati switi. Ndinafika makumi atatu ndi mphambu ziwiri, ndinayamba kuyenda mutu uli m'mwamba.

Kenako kunabwera mvula ya masiku ambiri. Dzuwa litatuluka ndinatsegula bokosi. Theka linali litachita chuku, zikumbu zitamera ubweya woyera. Theka linalo nyerere zinali zitalowera pakamng'alu kapangodya, ndipo ndinazipeza zili pamzere, iliyonse itasenza mwendo. Mapini anali chiimire, opanda kanthu.

"Mphika wa uchi sauika pansi," anatero a Wisikesi osadzutsa mutu pamakina. "Miyendo ya tebulo muziiviika m'zitini za parafini. Bokosi muziliyanika."

"Nanga bwanji simunandiuze kale?"

"Munandifunsa?"

Ndinangotenga ukonde wanga n'kupita.

Misewu ya m'zaka zimenezo inkafanana. Ndinkadutsa mtengo wa mkuyu, mjigo, tchalitchi cha udzu, ndipo mawa lake ndinkadutsanso mtengo wa mkuyu, mjigo, tchalitchi cha udzu, mpaka ndinasiya kufunsa mayina a midzi. Paliponse munthu ankathamanga kudzandilandira katundu. Nthawi zina ndinkaona ngati ndi mayi yemwe uja wa pamphambano, wangosintha chitenje. Ndinaphunzira kunena msanga kuti, "Zili m'bokosimu n'zothira mankhwala, sizidyedwa." Ndinkaganiza kuti ndachenjera.

M'mudzi wina wa m'mbali mwa dambo anandilandira bambo wina wamtali, mwini nyumba. Ndinanena mawu anga aja. Anagwedeza mutu, koma ndinaona kuti mawu oti mankhwala awakhala pamtima. M'nyumbamo munali mchimwene wawo wodwala, chifuwa chikumubaya, akupuma movutika. Ine nditapita kukapempha moto, bamboyo anatsegula bokosi.

Pobwera ndinapeza anthu atazungulira. Bokosi linali pakati, chivundikiro chili pambali, ndipo dzuwa linkawala pa mapini makumi atatu ndi mphambu zisanu ndi ziwiri, iliyonse italowa pachifuwa cha kachilombo.

"Bambo," anatero mwini nyumba ndi mawu otsika, "amene mwawabaya apawa ndani?"

"Ndi tizilombo chabe. Ndikagulitsa kutauni."

"Ndani angagule chiwala chouma chosadyedwa?"

"Azungu, kutsidya la nyanja."

Wina anaseka kuseka kosakoma. Ine ndemwe nditamva yankho langa ndinaona kuti silikumveka. Ndinafotokoza za a Ligomeka, za miyendo sikisi, za anthu opachika agulugufe pakhoma. Ndikamafotokoza kwambiri, iwo ankasunthira pafupi. Mayi wina wachikulire analoza chikumbu changa chakuda, chonenepa, chimene ndinachisaka mwezi wathunthu, n'kunena kuti chikufanana ndi wodwalayo.

Sanandimenye. Anandikhazika pansi n'kundiuza kuti ndizule ndekha pini iliyonse, ndi dzanja lomwe ndinabayira. Ndinazula. Tizilombo touma tikazulidwa pini timangofumbutuka, ndipo miyendo inkagwera pamiyendo panga ngati mankhusu. Zotsalazo anazitentha. Anandisunga masiku atatu kuti aone, ndipo tsiku lachitatu wodwala uja anadzuka n'kupempha phala. Ha! Ndiye mukanawauza chiyani anthu amenewo? Anandiperekeza mpaka kumalire a mudzi, n'kundipatsa chinangwa cha panjira pondithokoza kuti ndinamvera chisoni m'bale wawo.

Ndinatukwana njira yonse. Ndinatukwana dambo, ndinatukwana phala, ndinatukwana a Ligomeka ndi magalasi awo. Chinangwacho ndinadya.

Kumene ndinakhalitsa kunali mudzi wa m'munsi mwa phiri, kwa anthu ocheka matabwa. Kumeneko anandilandira katundu ndi mtsikana wina dzina lake Edesi, mlongo wake wa wocheka matabwa wina, a Bitoni. Bokosi lisanafike pamutu pake, anandifunsa:

"Muli chiyani umu? Ndinyamule bwanji?"

Zaka zonse zija, palibe anandifunsapo funso limenelo. Ndinamuuza zoona zokhazokha. Anatsegula, anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Uyu mwamupindira mwendo. Mukanauwongola asanaume." Ananyamula bokosilo ndi manja awiri, pachifuwa, akuyenda ngati wasenza madzi odzaza.

A Bitoni ankadziwa mitengo ndi zonse zokhala m'mitengo. Atamva kuti ndimathamangitsa zikumbu ndi ukonde, anaseka mpaka anasiya sowo.

"Inu mumathamangitsa woledzera? Woledzera mumangomuikira mowa."

Anandiphunzitsa kuponda nthochi zowola ndi masese, kuthira m'chigubu chodula pakamwa, n'kuchikweza ndi chingwe pamwamba pa mtengo. Pakapita masiku awiri ndinkatsitsa, ndipo m'katimo ndinkapeza zikumbu zobiriwira zonyezimira, zina zazikulu ngati chikhatho cha mwana, zitaledzera mpaka kuiwala kuuluka. Edesi ankandithandiza kuziyala. Zala zake zinali zodekha kuposa zanga. Tinkakhala pamthunzi wa matabwa, iye akuwongola tinyanga ndi singano, ine ndikumuyang'ana iye m'malo moyang'ana ntchito. Ndinamukonda, ndisabise.

Bokosi litadzaza makumi anayi, ndinamuuza kuti ndikupita.

"A Bitoni akusowa mnzawo wokoka sowo pansi pa dzenje," anatero osandiyang'ana. "Imeneyo si ntchito?"

"Ndikalembedwa ya kutauni, ndidzabwera kudzakutenga."

"Mwati anakulonjezani liti madala a sitolo aja?"

Ndinayesa kuwerenga mvula zimene zinadutsa, koma zinandisokonekera.

"Chabwino, pitani," anatero. "Koma ine si chikumbu choti mundibaye pathabwa n'kudzandipeza pomwepo."

Ndinakwera lole ya matabwa. Ndinafungatira bokosi pamiyendo theka lonse la ulendo. Pasiteji ina panakwera anthu ambiri, ndipo bambo wina waulemu, poona kuti ndapanikizika, anati, "Tikulandireniko, achimwene." Ndisanatsegule pakamwa bokosi linadutsa m'manja atatu n'kukafika kumbuyo. Titatsika ndinapeza kuti mayi wina wonenepa analikhalira kuyambira pasiteji paja, thumba la mtedza lili pamiyendo. Anandithokoza chifukwa cha mpando. Chivundikiro chinali chitabonyokera m'kati, ndipo mwa makumi anayi aja, athunthu anatsala asanu ndi anayi.

Ndinachita manyazi kubwerera kuphiri wopanda ntchito, ndinachitanso manyazi kupita kwa a Ligomeka ndi zidutswa. Ndinalowera kwina. Nditadzadutsanso m'mudzi wa ocheka matabwa, mitengo ikuluikulu ija inali itatha, ndipo mayi wina wobereka mwana kumbuyo anabwera kudzandichingamira. Anali Edesi. "Tikulandireni, bambo," anatero, monga mmene akanatero kwa mlendo wina aliyense. Sanafunsenso za m'bokosi.

Kuyambira pamenepo ndinasanduka munthu wopanda khalidwe. Wina akathamanga kudzandilandira ndinkati, "Iyayi, zikomo," n'kukumbatira bokosi. Akaumirira ndinkakalipa. Ndinkasamba bokosi lili pakhomo pa bafa, ndinkadya lili pansi pa bondo, palole ndinkalikhalira ndekha m'mphepete mwake. Mbiri inkanditsogolera, yoti kukubwera munthu wina waumbombo wokana kulandiridwa. Midzi ina anasiya kunditulutsira mkeka. Amene ankanditcha mnyamata anali atayamba kunditcha achimwene, achimwene anasanduka bambo, ndipo tsiku lina wogulitsa mandasi anati, "Madala, mugula angati?" Ndinacheuka kuyang'ana amene akumuuza.

Koma bokosi linadzaza. Makumi anayi, kalikonse kathunthu, kopanda chuku, kopanda nyerere. Ndinawerenga miyendo kawiri, ndinawerenganso kachitatu. Sindinakwere kanthu, ndinayenda wapansi mpaka ku tauni ya fumbi ija.

Wokonza njinga analipo, ngakhale anali wina. Sitolo ya a Ligomeka inali itasanduka yogulitsa nsapato za kaunjika. Mayi wogulitsayo anandiuza kuti madalawo anasamutsira zinthu zawo kunyumba kalekale, ndipo anandilozera njira. Atandiona ndikunyamuka anawonjezera kuti, "Mwachita bwino kufulumira, akuti mwambo uyamba masana."

Sindinamve chimene ankatanthauza mpaka nditaona masamba atayalidwa pamsewu. Ndinavula chipewa. Ndinapitirira mpaka pabwalo la nyumbayo. Panja panali amuna atakhala pamabenchi, m'nyumba amayi ankaimba nyimbo ya maliro. Ndinakhala kumapeto kwa benchi, bokosi lili pamiyendo. Pamaliro munthu sanena kuti wabwera ndi malonda.

Patapita nthawi mayi wina anabwera kudzagwada pafupi nane. "Akukuitanani amayi a nyumba ino, aNangozo," ananong'ona. "Akuti inu a bokosi."

ANangozo, mkazi wa malemuyo, anali m'chipinda cham'kati, atakhala pamkeka, duku lakuda kumutu. Ndinagwada, ndinapepesa monga mwa mwambo. Iwo anangoyang'ana bokosi.

"Nanunso?" anatero.

Sindinamvetse. Analoza ndi chibwano kumbuyo kwanga, ndipo ndinacheuka. Khoma lonse linali mabokosi, kuyambira pansi mpaka kudenga, ena a galasi aja a m'sitolo, ena a matabwa ngati langa.

"Anakuuzani kuti fote, eti? Miyendo sikisi?"

"Inde, mayi. Anati adzandilemba ntchito."

"Ntchito yake iti, bambo inu?" Mawu awo anali otopa, osati aukali. "Ogula aja analipo, sindikana. Tinamangira nyumba ino. Koma kalata yawo yomaliza inabwera ine ndili ndi pakati pa mwana wanga woyamba, uyo wadazi akugawa mabenchi panjayo. Kuyambira pamenepo, zii. Bambo anu awa tsiku lililonse ku positi ofesi, tsiku lililonse ku positi ofesi. Mnyamata akalowa m'sitolo maso akuwala, iwo kulephera kumuuza kuti malondawa anafa. Ankati ogula akadzalembanso, katundu adzapezeke ali pafupi. Ndinalankhula mpaka pakamwa panauma."

Ndinawerenga m'mutu. Mwana wadaziyo anali wamkulu ndithu kuposa zaka za ulendo wanga. Tsiku lija ndinkamasula kampango, kutsidya la nyanja kunali kutakhala kale chete.

Mkwiyo unandikwera. Ndinafuna kupita pabalaza pomwe anagonekedwa, ndikawafunse madalawo kuti zaka zanga andibwezera bwanji, ndi Edesi yemwe. Koma wakufa sayankha, ndipo wamasiye sakalipiridwa. Kenako ndinamva pakamwa panga pakunena zimene sindinakonzekere.

"Mayi, tangotsegulani muone."

"Ndione chiyani?"

"Mungoona basi. Chonde."

Anapumira m'mwamba, koma anakokera bokosi pafupi. Anatsegula mwaluso, ndi zala ziwiri, ndipo ndinadziwa kuti anakhala akuchita zimenezi moyo wawo wonse. Anapempha kuti atsegule zenera. Anachotsa kapini pa duku lawo n'kuyamba kuloza kachilombo kamodzikamodzi osakakhudza, milomo ikuyenda. Panja nyimbo inatha, ina inayamba. Iwo sanafulumire. Pa chikumbu chachikulu chobiriwira anaima, anapendeketsa bokosi kuti aone kunsi, kenako anapitiriza mpaka pangodya yomaliza.

"Yonse ilipo," anatero. Anandiyang'ana koyamba kumaso. "Mukudziwa, mwa onse anabwera ndi mabokosi awa, palibe ndi mmodzi yemwe anafikitsa fote athunthu. Pena kanyanga, pena mwendo. Inu nokha. Akanakhala moyo akanaitana anthu a mumsewu kuti adzaone."

Ndiye tamverani uchitsiru wanga. Ine, munthu wa imvi, wopanda munda, wopanda mkazi, wopanda ntchito imene sinakhalepo n'komwe, nditagwada pamaliro a munthu amene anandidyera unyamata wanga, ndinasangalala. Chimwemwe chinandigwira ngati mwana amene wakhoza mayeso. Ndinayesa kuchikankhira pansi, ndinadziluma mlomo, ndinadzitukwana chamumtima, koma masaya ankangokwera okha.

Ndinasiya bokosi m'manja mwa aNangozo, ndinaphimba nkhope ndi chipewa, n'kutuluka msanga kuti anthu olira asaone mano anga. Pakhomo mayi wina anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Limbani mtima, bambo, tonse tinkawakonda."